Mbuzi Ziwiri Zimene Anadya Nambala Seveni

Ndinagulitsa mbuzi zanga zisanu chifukwa cha jeleira, firiji ija yotsegula pamwamba ngati bokosi. Ine ndimagula chambo kwa asodzi a kunyanja ya Amaramba n'kukagulitsa ku Mandimba, ndipo ntchito imeneyi ndaigwira kuyambira pamene tinabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ndikadali namwali. M'chilimwe palibe vuto, nsomba umaiwamba kapena kuiyanika, imauma. Koma mvula ikangoyamba nkhuni zimanyowa, dzuwa silioneka, msewu wa kunyanja umasanduka phala, ndiye nsomba imene wagula lero pofika mawa yayamba kale kununkha. Chaka ndi chaka ndinkataya mabeseni athunthu. Chaka chimenecho ndinati ayi, zakwana.

Kwathu magetsi sanafike, amathera kutauni. Choncho jeleira payokha ndi bokosi chabe, imafuna sola ndi batire lalikulu. Ndinaziyala bwino m'mutu: mbuzi zitatu jeleira, mbuzi ziwiri sola ndi batire. Zonsezi zinayenera kukhala m'nyumba mwanga mvula isanagwe.

Yatsopano sindikanaikwanitsa. Ndiye ndinalowa m'gulu la pa foni la bambo wina wa ku Cuamba, wogulitsa katundu wakale amene amabwera pa sitima kuchokera ku Nampula. Malonda ake ankawatcha leilau. Amaika chithunzi cha katundu, amatchula mtengo woyambira ndi tsiku lotsekera, ndipo amene watchula mtengo waukulu pofika tsikulo ndiye watenga. Koma mtengo sumaulemba pagulu ayi. Umamutumizira iye kumbali, iye n'kukupatsa nambala yoti uzidziwika nayo. Kenako amajambula uthenga wakowo, nambala ya foni ataiphimba, n'kuuika pagulu kuti onse aone kuti sanaupeke yekha.

Ndisaname, kubisa mayinako ndinakukonda. Kwathu kuno ukangomveka kuti wagwira ndalama za jeleira, mawa lake pakhomo padzaza. Wina mwana wadwala, wina feteleza, wina maliro a apongozi a msuweni wake. Ukakana ndiwe woipa, ndipo nsomba zako zikaola amakusekera m'mimba. Ngakhale mwana wanga wamkazi, amene anakwatiwa ku Cuamba komweko, sindinamuuze kanthu. Ndinali Nambala Folo, ndipo ndinkaona kuti ndachenjera.

Jeleira inatuluka pagulu Lolemba, yotsekera Loweruka masana. Yoyera, yophwanyika pang'ono pakona, koma pakanema inkalira bwinobwino. Tinayamba anthu angapo. Pofika Lachitatu ena onse anali atagwa, mtengo uli pa mbuzi ziwiri ndi theka, ine ndili pamwamba. Madzulo a tsiku limenelo ndinasesa pakona pamene ndinkafuna kudzaiika, n'kuchotsapo matumba a chimanga.

Lachinayi m'mawa kunatulukira Nambala Seveni.

Munthu ameneyu sankaonjezera zambiri ayi, kangachepe, mtengo wa botolo la mafuta ophikira. Koma ndikangotchula wanga, foni ndisanaibweze n'komwe m'chitenje, uyu wafika kale. Nditchule ndili pamsika, wafika. Nditchule ndili pa njinga yamoto kupita kunyanja, pofika kugombe wandidutsa. Koma abale, munthuyu analibe ntchito ina? Sankadya, sankapita kuseri?

Masana makasitomala atachepa ndinakhala pa ndowa n'kuyamba kubwerera m'mbuyo m'gulumo, kuona malonda akale. Makina osokera, Nambala Seveni analipo. Injini ya chigayo, analipo. Njinga, wailesi, malata, analipo. Koma palibe ngakhale chimodzi chimene chinaoneka kuti wanyamula. Munthu wanji wofuna kusoka, kugaya, kufolera nyumba ndi kuumitsa nsomba nthawi imodzi, koma osagula ngakhale singano? Ndinapsa mtima moti mayi wina atandinenerera mtengo wa chambo ndinamukalipira ngati wandibera, iye n'kuchoka osagula.

Ndinamuimbira mwini gulu uja.

"Bambo, Nambala Seveni ndi ndani?"

Anaseka kaye. "Mayi, inuyo mungakonde kuti ndiuze gulu lonse kuti Nambala Folo ndi ndani, ndi ndalama zimene ali nazo?"

"Musandiyese mwana. Munthuyu sagula chilichonse."

"Ndiye kuti alibe mwayi. Ngati mwatopa siyani, jeleira ipita kwa iye."

Anandigwira pamenepo. Chinthu chomwe ndinkabisalamo ine ndi chomwe ankabisalamo wakubayo, ndipo ndinalibe pogwira. Ndinadula foni.

Mungafunse kuti bwanji sunasiye. Inenso ndimadzifunsa mpaka lero, ndipo yankho lake limandinyansa. Mitambo inali itayamba kusonkhana chakumapiri a ku Ngauma. Mbuzi ndinali nditagulitsa kale. Ndiponso mtima wanga uwu, sindifuna kugonja kwa munthu amene sindikumuona nkhope. Lachisanu tinadutsa mbuzi zitatu. Ndinadziuza kuti sola ndigula yaing'ono. Madzulo tinadutsa mbuzi yachinayi. Ndinadziuza kuti batire ndipeza lakale kwa okonza magalimoto. Loweruka m'mawa ndinatchula zonse zimene ndinali nazo, kungosiyako za ulendo. Seveni anaonjezera botolo lake la mafuta lija. Masana mwini gulu analemba kuti jeleira yapita kwa Nambala Seveni, n'kuikapo tizithunzi ta manja akuwomba.

Ndinakwiya, komanso pansi pa mtima ndinapumako. Ndalama zinali zikadali zanga.

Lamulungu ndikutuluka m'tchalitchi foni inalira. Anali mwini gulu uja, mawu ofewa ngati m'busa.

"Mayi, muli ndi mwayi. Nambala Seveni kwawo kwagwa maliro, walephera. Tengani pa mtengo wanu womaliza uja. Koma mutumize lero, ena akudikira."

Ndinadziwa kuti ndi bodza. M'mimba munandiuza, m'mutu munandiuza. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango anthu akundidutsa ndi moni, ndikuyang'ana kumwamba kumene kunali kutada, ndipo ndinatumiza ndalamazo pa foni. Ine, mayi wa imvi, amene msodzi sangandinamize ngakhale ndi nsomba imodzi m'beseni.

Lachiwiri ndinakwera shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita ku Cuamba. Jeleira inalipodi, ndipo ataiyatsa inazizira. Lole yobwerera ku Mandimba inkanyamuka madzulo, ndiye ndinaisiya kwa woyendetsa n'kupita kukadikira kwa mwana wanga. Ndinamupeza pakhonde akuchapa, mimba ili patsogolo, ya miyezi isanu ndi iwiri. Mwamuna wake amanyamula anthu pa njinga yamoto. Ndi mkamwini waulemu, sindinganame. Chikwatirane sanandiyang'anepo m'maso, tikakumana panjira amapatuka, ndipo kupatula moni sitinalankhulanepo mawu ena, monga mwa mwambo wathu.

Chinsinsi chinali chitatha ntchito, ndiye ndinamuuza mwana wanga kuti ndabwera kudzatenga jeleira. Anawomba m'manja kukondwa, n'kufunsa kuti ndagula kwa ndani. Nditamutchula bambo uja, anaseka.

"Aa, amenewo ndi anzawo a bambo a kuno. Amatipatsa mamega a intaneti ndi ka petulo. Kafoni kakale kali pawindoko ndi ka ntchito yawo. Iwo amatiuza mtengo, ife timangolemba n'kuwatumizira. Akuti n'zongodzutsa msika."

Iye anapitiriza akufinya malaya.

"Bambo a kuno akakhala pamsewu ndimalemba ndine. Sabata yathayi ndiye ndinatopa, panali wina wouma mutu, Nambala Folo, osafuna kusiya. Mpaka Loweruka."

Anadzutsa mutu, n'kundiona nkhope. Malaya anagwera m'madzi.

Zimene ndinamuuza sindingazilembe zonse. Ndinamuuza kuti ndinamubereka pamsana kudutsa naye matope a kunyanja kuti adzadye, osati kuti adzandibere ndi chala chimodzi atakhala pampando. Ndinamufunsa ngati ankaganiza kuti nambala ilibe mbuzi, ilibe ana, ilibe msana wowawa. Ikanakhala kuti si ine, akanakhala mayi wa munthu wina, ndipo iye akanagona tulo tabwino. Analira, n'kunena kuti, "Amayi, simunandiuze." Zimenezo zinali zoona, ndipo zinandikwiyitsa koposa.

Tili pomwepo njinga inalira pachipata. Mkamwini atandiona anazimitsa, n'kukanjuta patali pafupi ndi mpanda, nkhope atalozetsa kumbali, akuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwayenda bwanji, amayi?"

Mawu anali atadzaza m'kamwa mwanga mpaka m'masaya. Ndikanakhala pamsika, akanamva anthu a kusiteshoni ya sitima. Koma uyu ndi mpongozi, sungamukalipire, nkhani yake imadzera kwa ankhoswe, ndipo ankhoswe athu anali kutali ku Itepela. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ndayenda bwino, kaya inu bambo."

Mwana wanga anapita kukamunong'oneza. Ndinaona khosi lake likugwa. Anadzuka, n'kuliza njinga kupita kwa mnzake uja kukapempha kuti abweze za mbuzi ziwiri. Sanachedwe. Atabwerako anakanjutanso pamalo pomwe paja, n'kuyamba kuuza mkazi wake, mkazi wake n'kumandiuza ine, ngakhale mawu aliwonse ndinkawamva ndekha. Tinakhala motalikirana ngati kuchoka pakhomo kufika pankhokwe.

"Akuti chogulidwa chagulidwa," anatero mwana wanga. "Akuti mukachita phokoso pagulu, iwo aika nambala ya foni ya Seveni poyera, anene kuti nawonso ananamizidwa."

Sanafunike kundimasulira. M'gulumo munali anthu a mu Cuamba momwemo amene anakwezeredwa mitengo ya malata ndi makina, ena a iwo okwera njinga ya mkamwini wanga tsiku lililonse. Njingayo akanaitentha, mwinanso ndi mwini wake. Ndipo njinga imeneyo ndiyo inkayenera kudzathamangitsa mwana wanga kuchipatala tsiku lake likafika.

Mkamwini ananenanso kena motsitsa, mwana wanga n'kuzengereza.

"Nena," ndinatero.

"Akuti aliyense wotenga katundu amatumiza mawu othokoza pagulu. Akuti akudikira anu, lole isananyamuke."

Asa. Kundibera, kenako ndimuimbire nyimbo. Ndinayang'ana mwana wanga, maso ali psuu, dzanja lili pamimba. Ndinayang'ana mwamuna wake ali chinjutire, akukanda dothi ndi kamtengo. Ndinatenga foni n'kuyamba kujambula mawu. Koyamba mawu ananjenjemera, ndinafufuta. Kachiwiri ndinatsala pang'ono kutukwana, ndinafufuta. Kachitatu ndinati, "Ndine Nambala Folo. Katundu ndalandira, ndi wabwino. Zikomo bambo." Chakudya chimene mwana wanga anaphika sindinachikhudze. Ndinakwera kumbuyo kwa lole n'kukhala chotsamira jeleira, fumbi likundilowa m'mano mpaka ku Mandimba.

Mvula inagwa patatha masabata awiri, ndipo inagwa masiku anayi osakata. Sola ndinalibe, batire ndinalibe. Ndinali nditagula mabeseni awiri a chambo ndi tindalama tomaliza, ndikuyembekeza kuti dzuwa liwala. Nkhuni zinangofuka osayaka. Tsiku lachiwiri ntchentche zinadzaza m'nyumba, zina zitatera pa jeleira yoyerayo, youma m'kati. Ndinakumba dzenje kuseri kwa nyumba, mvula ikundimenya pamsana, n'kukhuthuliramo zonse.

M'mawa mwake ndinapita pampopi wa pamsika kukatsuka mabeseni. Kunabwera mayi wina wogulitsa tomato, wamasiye, amene benchi lake layang'anizana ndi langa, foni ili m'manja, nkhope ikuwala.

"Amayi, mawu aja a pagulu ndinawazindikira, ndi anu. Ine ndinkaopa, koma nditamva inuyo ndinati basi, amenewa sanama. Ndagulitsa mpunga wanga wonse, ndikufuna makina osokera atulukawa. Ndapatsidwa kale nambala. Bamboyu ndi wokhulupirika eti?"

Ndinamuyankha kuti jeleira ndili nayo kunyumba, n'kupitiriza kutsuka beseni.