Manja a pa Sitika

A Kampeni anagwira ntchito pa nazale imodzi zaka makumi awiri ndi zitatu, kumezanitsa mitengo ya zipatso. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a kuntchito chifukwa cha kampeni kopinda kamene sankasiyana nako, ndipo kukabwereka kunali kuputa mkangano. Ankakhala pa chidebe chozondotsa pansi pa shedi, machubu a mbande atawazungulira. Ankadula kamtengo ka mango wamba, n'kulowetsapo kanthambi ka mango abwino, n'kumanga ndi pulasitiki. Pa mitengo zana, yokana kugwira inkakhala itatu kapena inayi, ndipo imeneyo ankaikalipira ngati ana osamva.

Abwana atadwala, nazale inatsala m'manja mwa mwana wawo wamkazi, amene anali atangomaliza sukulu ya zamalonda. Mtsikanayo sanali waulesi, tisamunamizire. Anati mbande zopanda dzina, ngakhale zikome bwanji, anthu amaziyesa za aliyense. Choncho anabwera ndi wojambula wa kamera yaikulu. Anajambula maluwa, anajambula geti, kenako anaima pamene panali a Kampeni.

"Agogo, tangogwirani kamtengoko chonchi," anatero mtsikanayo. "Nkhope ayi, tikufuna manja okha."

Chonsecho munthu anali atameta ndevu m'mawa umenewo, atavalanso malaya ake abwino.

Mwezi usanathe manja aja anali paliponse: pa chikwangwani cha pageti, pa chitseko cha galimoto, pa sitika yobiriwira yomata pa chubu chilichonse. Pansi pake analemba kuti Manja Odziwa. Eni manjawo anawapatsa tisheti imodzi, yothina m'khwapa. Koma ananyadira, n'kubisiranji, mpaka anakaonetsa akazi awo.

Malonda anakwera, ogula anachuluka kuposa mitengo imene munthu mmodzi angamezanitse. Mtsikana anapeza njira yachidule: kuoda mbande zotchipa kwa alimi ena n'kumangomata sitika. Nanga kumata kumafuna nzeru yanji? Chaka chisanathe anawaitanira a Kampeni mu ofesi, chipinda chomwe kale ankasungiramo feteleza. Chithunzi cha manja awo chinali pakhoma, pamwamba pa mutu wa mtsikanayo.

"Mwakula agogo, mukapumeko. Mwatigwirira ntchito yaikulu."

"Nanga awo akupuma liti?" anafunsa a Kampeni, akuloza khoma ndi mlomo.

"Chithunzi ndi cha kampani. Munasaina."

Anasainadi tsiku la kamera lija, osawerenga, poti magalasi anali atawaiwala kunyumba.

Munthu wozolowera kampeni sangakhale manja lende. Kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi chingwe choyanikira zovala, anayala zitini ndi mapepala a shuga, n'kumezanitsa mitengo mazana awiri: mango, mapeyala, malalanje. Mvula itayamba anaikweza pa wilibala kukaima nayo m'mbali mwa msewu. Anthu ankaima ndithu. Ankanyamula chitini, kuchitembenuza uku ndi uku, n'kuchibwezera pansi.

"Ilibe manja iyi?" anafunsa mayi wina wa galimoto yoyera.

"Ndamezanitsa ndekha, mayi."

"Aliyense amatero. Enanu mumatigulitsa mitengo yoti tidikire zaka zisanu n'kudzadya masamba."

Tsiku lina mtima unawapweteka, anatambasula manja onse awiri pamaso pa bambo wina amene anafunsa zomwezo, kuti adzionere yekha. Bamboyo anapisa m'thumba, n'kuwaikira ndalama yachitsulo m'dzanja, ulendo. A Kampeni anachita manyazi oti sanawachitepo chibadwire. Masabata atatu anagulitsa mitengo inayi. Mizu inayamba kuboola mapepala, ndipo iwo ankadziwa kuti mvula ikangodula, ntchito ya chaka chonse ithera pomwepo.

Akazi awo ankachapa zovala m'nyumba za mipanda. Tsiku lina anabwera ndi thumba lodzaza machubu opanda kanthu, otayidwa ndi anthu atabzala mitengo yawo. Chilichonse chinali ndi sitika yake.

"Zimenezo zatani muno?" anafunsa a Kampeni.

"Abambo, si kuba uku. Manjawo ndi a ndani?"

"Zaka zonsezi sindinanamizepo munthu pa mtengo. Ndiyambe lero ndi imvi?"

"Ndiye muziithirira mpaka iume. Ine ndanena."

Thumba linakhala kuseri kwa chitseko masiku asanu, aliyense akulilambalala. Tsiku lachisanu ndi chimodzi a Kampeni analitulutsa okha. Anatsuka machubu aja mosamala kuti sitika zisamatuke, n'kusamutsiramo mitengo yawo umodziumodzi.

M'mawa mwake anabwerera nayo kumsewu kuja, ndipo dzuwa lisanafike pamutu wilibala inali itatsala pang'ono kutha. Anthu omwewo, msewu womwewo, mitengo yomweyo. Palibe ananenerera mtengo. Galimoto yoyera ija inaimanso, mayi uja anatsika, anatembenuza chubu, anaona sitika, n'kumwetulira.

"Ehe, apa ndiye mwachita bwino agogo. Mwasiya zanu zachabechabe zija, mwayamba kuoda zenizeni?"

A Kampeni anayang'ana pa mfundo ya kamtengo kamene mayiyo ananyamula. Ankakumbukira m'mawa umene anakamanga.

"Ndasiya, mayi," anatero.

"Ndipatseni khumi."

Anawanyamulira mpaka m'galimoto, n'kuyalamo makatoni kuti dothi lisadetse mipando. Kenako anakankha wilibala yopanda kanthu kubwerera kunyumba. Akazi awo anali pakhonde akusita malaya a anthu, ndipo ataona wilibalayo anaimika simbi.

"Zayenda?"

A Kampeni anaigoneka wilibala kukhoma, osawayang'ana.

"Mawa mukatole ena. Musankhe oti sitika zake sizinang'ambike."