Mpindiro wa Chitsulo

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo kwathu kumapiri a ku Bowe ana ankatuluka m'midzi yonse ngati inswa, ena atabereka ang'ono awo, ena ndevu zitayamba kale kumera. Ine sukuluyo ndinali nditaiyamba kale, ndipo ndinkanyada chifukwa ndinkafikako ndekha, ngakhale mwendo wanga wamanzere unapuwala ndi poliyo ndili wakhanda.

Chimene chinkandiyendetsa tinkangochitchula kuti chitsulo. Zinali zitsulo ziwiri zowongoka, zotsika m'mbali mwa mwendo kuchokera pantchafu mpaka kunsapato, zomangidwa ndi malamba achikopa. Ndikamayenda chinkalira kwee, kwee, moti aphunzitsi ankadziwa kuti ndachedwa ndisanalowe n'komwe. Vuto lake linali limodzi: mwana amakula koma chitsulo sichikula. N'chifukwa chake chaka chilichonse, anthu akatha kukolola, kunkabwera bambo wina wa kuboma, a Kalumbu, pa njinga yamoto. Ankandiyeza mwendo, kunditsina tsaya, n'kumapita, ndipo pakapita masabata ankabweranso ndi chitsulo chatsopano. Sitinkalipira kanthu. Amayi ankangowamangirira kathumba ka mtedza kumbuyo kwa njinga, iwo akunamizira kukana.

Chaka chotsatira a Kalumbu anabwera mochedwa, chitsulo changa chitayamba kale kundiluma. Anakhala pampando osavula n'chipewa chomwe. Anawauza amayi kuti boma ladula thandizo la anthu olumala, mafuta a njinga kulibe, zitsulo sizikubwera, ndipo anzawo ena awauza kale kuti akapume kumudzi. Ulendo umenewu unali wotsanzika. Abambo, omwe pachisankho anavina mpaka kutha mawu, anangopukusa mutu n'kunena kuti walira mvula walira matope.

"Ndiye mwanayu aziyenda bwanji?" anafunsa amayi.

A Kalumbu anati kuofesi kunatsala chitsulo chimodzi chokha, chimene anapangira mtsikana wina wamkulu wa ku Dzoole amene sanabwere kudzachitenga. Anafulumira kuwonjezera kuti kwa ine chinali chachitali kwambiri.

"Chimenecho n'chimene tikufuna," anatero amayi, nkhope itawala. "Akulira momwemo."

"Mayi, chitsulo si yunifolomu."

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo. Tibweretsereni."

Kuti mumvetse yankho limeneli muyenera kuwadziwa amayi anga. Pakhomo pathu palibe mwana anavalapo chinthu chomukwana. Diresi ankasoketsa lofika m'mapazi, n'kulipinda m'munsi kawiri kapena katatu, ndipo chaka chilichonse ankamasula mpindiro umodzi. Nsapato ankagula zoti ungalowemo ndi mng'ono wako, kutsogolo n'kufutsamo nsanza. Sanali okha, amayi onse a m'mudzimo ankatero, koma athu anali mfumu yake. Choncho chitsulo chachikulu kwa iwo chinali mwayi wogwa kumwamba. A Kalumbu anayesa kufotokoza, koma ndikuganiza kuti chisoni chinawagwira, chifukwa kutisiya chimanjamanja sakanatha. Anachibweretsa, natsanzika, ndipo phokoso la njinga yawo sitinalimvenso.

Amayi anafutsa nsanza m'nsapato mpaka phazi linakhala m'mwamba, namanga malamba mwamphamvu. Pabwalo ndinayenda bwinobwino, anthu n'kuwomba m'manja. Koma njira ya kusukulu si bwalo. Inkatsika phiri, kuwoloka kamtsinje, n'kukweranso lina. Mwendo wachitsulo unali utatalika kuposa unzake, ndiye ndinkayenda chopendekera, ndipo mkombero wa pamwamba unkandipala m'ntchafu mpaka kutuluka chilonda. Mvula itayamba, dothi lofiira lija litaterera, ndinkagwa tsiku ndi tsiku. Tsiku lina ndinagubuduzika mpaka m'munda mwa eni, makope m'matope, ndipo anyamata oweta ng'ombe ndiwo anandinyamula kundibweza kunyumba. Kuyambira pamenepo chitsulo chinatsamira khoma, ine ndinakhala pansi.

Inali nyengo yosoka fodya. Anandikhazika pa chigafa, ndipo tsiku lonse ndinkamanga masamba, manja ali bii ndi utomoni, fungo lake likundizunguza mutu. M'mawa uliwonse anzanga ankadutsa akuyimba, ena a iwo omwe dzulodzulo sankadziwa n'kugwira pensulo komwe. Zinkandiwawa kwambiri. Sukulu inali yaulere kwa aliyense kupatula ine, ndipo ndinkalira mobisa kuseri kwa mikangala yopachikapo fodya. Amayi ena obwera kudzathandiza ankawalimbitsa mtima amayi anga kuti, "Musadandaule, a Naphiri. Manja ali nawo, ndipo akusoka bwino kuposa ife. Wotere sukulu njachiyani?" Ankanena mokoma mtima, ndipo n'chimene chinkandiopsa. Ndinkaona kuti mudzi wonse wandipezera kale malo.

Masana ena ndinawapeza amayi pakhonde ndi lumo, akumasula mpindiro wa yunifolomu yanga, poti nthawi yake inali itakwana. Ndinawafunsa mokwiya kuti akuimasulira yani. Sanandiyang'ane. Maso awo anali pa chitsulo chotsamira khoma chija, lumo litaima m'malere. Kenaka anaitana abambo kuti akabwereke ngolo.

Tinapita pamsika kwa Che Amidu, bambo wachisilamu amene ankakonza njinga pakhonde la golosale ya mkulu wake. Poti amayi sanawerengere masiku, tinafika Lachisanu masana, ndipo tinadikira pamthunzi mpaka atabwerako ku mzikiti. Anatilonjera, natenga chitsulocho n'kuchitembenuza uku ndi uku.

"Mayi, ine ndimakonza njinga. Anthu sindikonza."

"Munthuyo ndi wabwinobwino, Che Amidu. Ine ndikufuna mpindiro basi."

"Mpindiro? Pachitsulo?"

Amayi anagwira m'munsi mwa diresi langa pamaso pa anthu onse, ine manyazi atandigwira, n'kumuonetsa momwe nsalu imapindidwira kuti isadulidwe n'kutayidwa. Anati akufuna chitsulo chifupike lero, koma utali wake ukhale momwemo kudikira mawa. Che Amidu anaseka mpaka kugwira m'mimba, naitana mkulu wake kuti adzamve. Koma akuseka choncho, maso ake sanachoke pachitsulocho. Kenaka anasiya kuseka, natenga sowo.

Anadula zitsulo zonse ziwiri pakati, nasanjikiza zidutswazo, naboola mzere wa mabowo, n'kumanga ndi mabawuti a njinga. Ankandiveka, kundiyimitsa, kundivula, kusuntha bowo limodzi, kundivekanso, mpaka mapewa anga anawongoka. Pamkombero anakulungapo chidutswa cha chubu chakale kuti usandipalenso. Dzuwa likupendeka ndinayenda kuchoka pakhonde mpaka pachigayo n'kubwerera, osagwa. Amayi analuluta pakati pa msika ngati pali chinkhoswe.

Lolemba ndinatsika phiri lija. Sindinganame kuti chitsulocho chinali chokongola. Mabawuti ankang'amba masiketi, ndipo anyamata ankandiseka kuti ndikapopetse mpweya. Ndinkawayankha kuti njinga ndi ine, iwo ndi oyenda pansi. Chaka chilichonse, fodya akagulitsidwa, tinkapita kwa Che Amidu n'kumupeza atanyamula sipanala yake, ndipo ankandifunsa kuti, "Bwanamkubwa, takula mabowo angati?" Masana amenewo ndimawakumbukira mokondwa: fungo la girizi, tiyi wa mkaka wa m'golosale, amayi akukangana naye kuti asunthe bowo limodzi lokha, enawo asungike. Pofika bowo lomaliza ndinali nditalemba mayeso a sitandade eyiti, ndipo dzina langa linatuluka.

Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo ndikamva pawailesi kuti thandizo la olumala ladulidwanso, ndimadziwa tanthauzo lake. Kuofesi amati achepetsa mafuta a njinga, koma kumudzi ndiye kuti mwana wina wakhala pansi. Ndikuwadziwa anzanga ena a m'mapiri omwewo amene chitsulo chitawachepera anabwerera kokwawa, ndipo sanali opusa kuposa ine. Nzeru za amayi anga siziyenera kukhala chifukwa choti boma lisambe m'manja, pakuti si mwana aliyense ali ndi mayi wamakani chotero.

Kwa zaka zambiri nkhaniyi ndinkaifotokoza moseka, ngati ya mayi woumira amene anafuna kupulumutsa nsalu mpaka pachitsulo. Ndinadzamvetsa nditabereka wanga woyamba, nditaima m'sitolo ndikusankha kadiresi komupitirira. Munthu sagulira mwana chachikulu ngati sakukhulupirira kuti akula. Pamene ofesi inanditseka m'mabuku ake, ndipo anansi okoma mtima anandiyeza n'kupeza kuti chigafa chikundikwana, panali munthu mmodzi amene ankandiona wamtali kuposa momwe ndinalili. Amayi anamwalira ndisanawauze kuti ndinamvetsa.