Ndinanamizira Kutentha kwa Nsanje

Kompyuta ya kunyumba ndinaidwalitsa ndine. Ndinakaikitsa nyimbo mu fulashi pa boma pa Nsanje, nditafika n'kungoitsomeka osaganiza. Vayirasi inadya zonse, ngakhale zithunzi za malemu apongozi anga, zokhazo zimene zinatsala madzi osefukira atakokolola nyumba yawo kwa Mlolo.

Wokonza makompyuta anaipukuta, n'kuikamo antivayirasi. Anandichenjeza tili awiri: "Mafulashi a mumsewu ayi, bambo."

Kunyumba mkazi wanga anandifunsa akulira: "Bambo a Tina, nkhope ya amayi yapita bwanji?"

"N'kutentha kwa kuno," ndinatero, maso ali pansi. "Makina amapsa."

Anakhulupirira. Mpaka lero fani yathu imodzi yomweyo amailozetsa ku kompyuta. Ine ndimakhala pambali, thukuta lili kamukamu.