Tsiku Limene Tinagubira pa Tebulo la Alendo

Ukadeti sindinachite kuufunafuna, unandipeza wokha pamsika wa Mitundu. Ndinali Fomu 2, ndipo Loweruka ndinkathandiza mayi kugulitsa tomato. Tsiku lina mnyamata wa kabaza anagunda dengu lathu, ine n'kumukalipira iye ali kale patali. Bambo wina waimvi amene ankagula anyezi pafupi anatembenuka n'kufunsa mayi kuti, "Mawu onsewa akutuluka mwa mwanayu?" Anali a Chimwaza, msilikali wopuma pantchito, amene ankaphunzitsa achinyamata kuguba pabwalo la mpira kuseri kwa sukulu yathu. Aliyense ankangoti a Sajeni. Atapempha kuti ndilowe m'gulu lawo, mayi anavomera msangamsanga, ati mwina mwano wanga ungachepeko.

Ine ndinkayesa tikaphunzira zoopsa. Tinaphunzira kupukuta jombo. Polishi pang'ono pakansalu, kadontho ka madzi, n'kumazunguliza kutsogolo kwa jomboyo mpaka a Sajeni adzionepo nkhope. Ukatero uyende nayo m'fumbi la Okutobala, ukafike akukalipire kuti sunapukute. Mfuti zathu zinali zosema, za bulugamu, koma ukaigwetsa unkazungulira bwalo ukudumpha ngati chule utagwira makutu.

Patapita miyezi ingapo anandiika kukhala wolamula gulu. Anandiphunzitsa kuti lamulo lili pawiri. Umayamba ndi mawu ochenjeza, n'kuwakoka kuti aliyense atchere khutu, kenako liwu lomaliza umalidula mwamphamvu, ligwere pamodzi ndi phazi. Ukafuna kuti aime, umakuwa kuti "Holoti!" Ukachedwa pang'ono, ena amaima ena akupitabe, n'kumapondana zidendene.

Vuto langa lalikulu linali Yohane, msuweni wanga, mwana wa amalume. Anali wamkulu kwa ine, wamtali, choncho ankaima mzere woyamba. Kulamulidwa ndi ine kunkamuwawa kwambiri. Ndikati kumanzere, iye ankayamba wandiyang'ana kaye, n'kutembenuka mwaulesi ngati ng'ombe yapangolo. Tsiku lina tikukonzekera chionetsero, anaima yekha atafika pangalande ya m'mphepete mwa bwalo, am'mbuyo onse n'kumuwomba. A Sajeni anamudumphitsa chule mpaka miyendo kunjenjemera. Ine ndinawonjezera moto: "A Yohane, pano simuganiza nokha. Mumaima mukamva mawu anga basi."

Anangoti, "Chabwino, bwana."

Chionetserocho chinali ku Nathenje, pamwambo wa achinyamata. Lole inatisiya m'mawa, koma mlendo wolemekezeka anafika dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo tinali padzuwa, malamba othina, zipewa kumutu, a Sajeni atatiletsa kukhala pansi kuopa kuthimbiritsa yunifomu. Mtsikana wina anakomoka, anamunyamula. Njala inandiluma mpaka ndinayamba kudana ndi aliyense amene ankadutsa ndi chimanga chootcha.

Nthawi yathu itakwana, zinayamba bwino moti anthu ankaimba m'manja. Chomaliza chinali kuguba molunjika kutebulo la alendo, n'kuima pafupi kuti tipereke sawatcha. Ine ndinali chakumbali, ndikuwerenga mapazi mumtima. Ndinaona woyendetsa mwambo akudzuka n'kutenga maikolofoni, koma ndinati ndidikire kaye gulu lifike pomwe tinagwirizana, kuti zikongole. Ndikungotsegula pakamwa, zimkuzamawu zinaphulika: "Mwini njinga yamoto yofiira, mwatseka njira!"

Holoti wanga anamira m'phokosolo. Ndinakuwanso, bamboyo akubwereza za njinga yakeyo. Ndinakuwa kachitatu mpaka kukhosi kuwawa. Mzere woyamba unali ukuliona tebulo, ndipo Yohane anandiponyera diso, ndinamuona ndithu, koma anangotukula chifuwa n'kumaponda mwamphamvu kuposa masiku onse. Anzake ataona kuti iye sakuima, nawonso sanaime. Tebulo linapita chagada. Mabotolo a zakumwa, maluwa apulasitiki, mbale ya mtedza, zonse pansi. Mlendo wolemekezeka anathawa atanyamula mpando wake, mayi wina nsapato inatsalira pomwepo. Gulu linaima a Sajeni ataliza wezulo. Ana anali gubudugubudu pansi ndi kuseka.

Kuseri kwa lole ndinamugwira Yohane pakolala. "Tebulo simumaliona inu?"

"Ndimaliona bwinobwino," anatero. "Koma paja ine sindiganiza ndekha."

Ndinkayembekeza kuti a Sajeni amukhaulitsa. Ayi ndithu, anabwera kwa ine. "Munthu uja akutenga maikolofoni unamuona?" Ndinavomera. "Nanga unkadikira chiyani? Anthu ako akanaima patali, ndani akanadziwa kuti walakwitsa?" Ndinayesa kutchula za Yohane, iwo anangokweza dzanja. Lolemba lake ndinadumpha chule ndekhandekha, gulu lonse likuonerera, msuweni wanga akuwerenga mokweza ngakhale panalibe amene anamutuma. Kunyumba nako amalume anafika dala kudzafunsa mayi ngati kudzakhale chionetsero china, ati akufuna adzabwere ndi tebulo lawo lakale lomwe likuwasowetsa kotaya.

Sindinasiye ukadeti, ngakhale sabata imeneyo ndinalumbira kangapo kuti sindidzapondakonso. Ndinakhalamo mpaka kumaliza Fomu 4. Usilikali sindinalowe. Lero ndimaphunzitsa ana a mkaka kufupi ndi msewu wa ku Malingunde, ndipo tikamawoloka nawo, ndikangoona galimoto ikadali kutali ndimawaimitsa pomwepo, ngakhale anthu aziti ndine wamantha. Ndinaphunzira kuti ukamatsogolera anthu, maso azikhala patsogolo pawo, ndipo ukaona chovuta ulankhule nthawi yomweyo, osadikira kuti zikongole.

Koma Yohane sindinamukhululukire kwenikweni. Mpaka pano, tikakumana pamaliro kapena paukwati, amauza aliyense wofuna kumva kuti tsiku limene lija ku Nathenje, amene anamvera lamulo anali iye yekha.