Mboni ya Kuchikazi

Achimwene anga anakhala ndi mkazi ku Joni zaka zisanu ndi zinayi popanda ukwati wa kutchalitchi, wa kuboma, ngakhale wa pamudzi. Kwathu kufupi ndi Embangweni zimenezi sizidabwitsa munthu. Mwamuna akakwera basi ya ku Joni, moyo wake timaumvera pa foni, ndipo timamva zokhazo zimene mwini wake wafuna kuti timve. Mkaziyo anali wa kumalire a Kasungu, mwana wamasiye wolankhula Chichewa chokhachokha. Ine ndinkawatchula alamu. Amama ankangoti "mwanakazi yura", mkazi uja, maso ali kumbali.

Chaka china achimwene anagwa pa nyumba yosanja imene ankamanga, mwendo n'kuthyoka pawiri. Kuchipatala anafuna wachibale woti asayine za opaleshoni. Alamu anafika ali wefuwefu, koma atafunsidwa pepala losonyeza kuti ndi mkazi wa wodwalayo, analibe. Anakhala panja tsiku lonse ngati munthu wodzazonda matenda a mnansi, mpaka achimwene anatsitsimuka n'kusayina okha. Miyezi inayi yotsatira alamu ankakolopa m'nyumba za anthu masana, madzulo n'kumasambitsa mwamuna wosatha kuimirira. Achimwene atachira anawauza alamu mawu amodzi: tikalembetse kwathu.

Anabwera mu Disembala ndi tchuthi cha mwezi umodzi. Za mwambo adada anakambirana ndi amalume a alamu, nkhalamba yokhayo imene inatsala kwawo. Ku ofesi ya ku boma anamata mayina awo pa bolodi kuti akhalepo masabata atatu, aliyense wokhala ndi chifukwa choletsa ukwatiwo akanene. Ine ndimaphunzitsa pa boma pomwepo, choncho ndinkadzerako tsiku ndi tsiku kukaona ngati mphepo siinachotse pepalalo.

Masabata amenewo alamu anawathera kumudzi. Chitumbuka chawo chinali chomvetsa chisoni. Munthu akawayankha kuti "nili makola", kutanthauza kuti ali bwino, iwo ankaluma mlomo kuti asaseke, poti kwawo makola ndi ogonamo ng'ombe. Koma khasu ankalidziwa. Ankapalira chimanga kuyambira m'mawa, amama akuwatsata m'mizere kufunafuna udzu wotsala. Sanaupeze, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo zinkawapweteka kwambiri kuposa akanaupeza. Chimene ndinkawasirira alamu n'chakuti sankagula chikondi. Ankagwada pamene payenera kugwada, kupereka madzi, kenako n'kukakhala pakhonde kuthowa mwendo wa achimwene, osacheuka kuti aone ngati wina akuona.

Tsiku lolembetsa linali Lachinayi, basi yobwerera inkanyamuka Loweruka. Mvula inali itagwa masiku awiri osakata. Tinafika pa ofesi ine, adada, amama ndi eni ukwati, nsapato zili matope okhaokha, n'kuyamba kudikira amalume aja, amene anayenera kukhala mboni ya kuchikazi. Cha m'ma leveni anaimba foni. Mtsinje wa kwawo unali utadzaza, ngakhale anyamata a njinga ankakana kuwoloka.

Mlembi wa pa ofesipo, mayi wa magalasi, anatifotokozera mofatsa kuti pafunika mboni ziwiri, ndipo lamulo silifunsa kuti mboni yachokera nyumba iti. Aliyense wamkulu wokhala ndi chiphaso akhoza kusayina.

Adada anapukusa mutu. Kwa iwo mboni ya ukwati ndi nkhoswe basi, munthu amene banja likagwedezeka amaimira mbali yake.

"Nkhoswe ya kuchikazi singatuluke m'nyumba ya mwamuna," anatero. "Mbwenu mlandu ukabwera, tizaweruza tokhatokha? Tidikire amalume."

Mtsinjewo ukadzaza umatenga masiku kuti uphwe, ndiye kudikira kunkatanthauza kuti alamu akwera basi ali chimodzimodzi monga anabwerera, munthu wopanda dzina pa pepala lililonse la mwamuna wake. Aliyense ankadziwa zimenezo. Ine chiphaso ndinali nacho m'chikwama, koma ndinaopa adada osachitulutsa, ndipo mpaka lero ndimachita nazo manyazi. Alamu sanadandaule. Anapinda bwinobwino mpango umene anagulira tsikulo, n'kuuza mlembi kuti, "Zikomo mayi, tabvutitsa."

Pamenepo amama anadzuka. Anamasula mfundo ya pa chitenje, n'kutulutsa chiphaso chawo chokulungidwa m'kapepala ka shuga.

"Nisayine pati?" anafunsa.

"Iwe, ukhala bwanji wa kuchikazi, mwana wobala wekha ali apa?" anatero adada.

"Uyo ali ndi awiske, adada ake awa, ali ndi mudzi wose," anayankha amama, akuloza achimwene ndi chibwano. "Uyu ali ndi njani?"

Mlembi anawalozera posayina. Amama anaphunzira kulemba atakula, kusukulu ya kwacha, ndiye dzina lawo linatenga nthawi, chilembo chimodzichimodzi, lilime lili pakona pa mlomo. Adada anawayang'ana mpaka anamaliza, kenako anatenga cholemberacho n'kusayina mbali ya kuchimuna. Sindinawanyadirepo amama ngati mmene ndinawanyadira m'chipinda chimenecho.

Titatuluka tinaima pakhonde kudikira kuti mvula ichepe. Achimwene anayamba kuthokoza, "Yewo chomene, amama," koma amama anawadula.

"Usaniwonge ine. Wamva zimene anena adada ako, nkhoswe imaimira mbali yake. Kuyambira lero ine nili kuchikazi. Ukamuliza uyu ku Joni kwanuko, mlandu uzakamba ndi ine, ndipo tsiku limenelo sinizakhala mama wako."

Achimwene anaseka, koma ataona nkhope ya amama anasiya. Alamu anagwada pasimenti yonyowayo ndi diresi lawo latsopano, n'kulira mpaka amama anawadzutsa okha.