Mpeni wa Ulusi Wofiira

Bambo anga anali ndi nthenda ya mipeni yopinda. Akapita ku Madisi kukagula mchere, ankabwerako ndi mpeni, mcherewo ataiwala. Amayi ankati mipeni ikanakhala kuti imaswana ngati mbuzi, bwenzi tili ampondamatiki.

Yonse inkakhala m'chitini cha mabisiketi pamwamba pa kabati, ndipo uliwonse unali ndi ntchito yake. Wa chigwiriro cha mtengo unali wosendera nzimbe tikaweruka kutchalitchi. Wina, wothyoka nsonga, unkadula luzi m'chigafa nthawi ya fodya. Wina wakuda unali wa nkhumba ndi mbewa.

Koma panali umodzi womangidwa ulusi wofiira pakamphete kake. Sunkalowa m'thumba. Ankaunola, kuupukuta, n'kuukulunga m'kansalu pawokha. Ine mtima sunkakhala m'malo. Ndinkaganiza zoti ndi wa mankhwala, chonsecho bambowo anali mkulu wa mpingo. Ndikafunsa ankangoti, "Umenewu uli ndi mwini wake." Mwini wake uti, poti anagula okha?

Atamwalira, chitini chinagwera ine, funso lija lili momwemo.

Tsiku loonetsa chiliza chawo kunabwera mnzawo wakalekale, Msilamu wa golosale ku Madisi, atakalamba, akuyendera ndodo. Anyamata anali atapha kale mbuzi m'mawa, mwachisawawa, osaganiza za iye. Amayi atamuona nkhope inagwa. Anandikokera kukhitchini.

"Munthu uyu sanachokepo pakhomo pano ndi njala," anatero. "Mbuzi iyi sadya. Lero, tsiku la bambo ako, abwerere chimanjamanja?"

Ndinagwira tambala, n'kupita naye pomwe mkuluyo anakhala. Ndinagwada n'kupempha kuti azinge yekha monga mwa chipembedzo chake, ndipo ndinatulutsa mpeni womwe unali m'thumba mwanga. Anauyang'ana, koma sanatambasule dzanja. Unali wakuda uja.

"Wa ulusi uja ulipo?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndinathamanga kukautenga. Anamasula kansalu, n'kuutsegula ndi chikhadabo osayang'ana n'komwe, ngati munthu wotsegula chitseko cha nyumba yake. Apo m'pamene ndinakumbukira kuti akabwera kwathu, iye ndi bambo anga ankazemba ndi nkhuku kupita kuseri kwa khola, ife ana tikutumidwa kukatunga madzi.

"Bambo ako ankadya nkhumba, ine ayi," anatero akuyesa kuthwa kwake ndi chala. "Sanafune kuti ndikafika pakhomo pawo ndizichita kufunsa kuti mpeni wakhudza chiyani. Funso lotero limapha chinansi."

Anazinga tambala uja kuseri kwa khola lomwelo. Amayi anamuphikira mumphika wapadera, ndipo anadya mpaka kupempha msuzi wina. Ine ndinasangalala, komanso chisoni chinandigwira, poti bambo anga ndinawadziwa bwino iwo atapita kale.

Pomuperekeza kumsewu ndinamupatsa mpeniwo, ndi manja awiri.

"Tengani, bambo. Ankanena kuti ndi wanu."

Anaukankhira kwa ine pang'onopang'ono.

"Ndi wanga, inde. Koma ukapita kwathu, kuno ndidzabwerera chiyani?"

Mipeni inayo ndimayenda nayo mosinthasintha, ndipo ndagulako yanga ingapo, mchere n'kuiwala. Wa ulusi uja uli m'kansalu kake. Ndimaunolabe, ngakhale ndamva kuti miyendo ya mkuluyo yayamba kukana.