Mzere Wofiira pa Mzati Wachiwiri

Mvula ikatha ku Thyolo tiyi amachepa, ndipo esiteti inkachotsa anthu. Zimenezo tinazizolowera. Koma chaka china kunabwera bwana watsopano, mzungu wokonda pensulo, amene anati zoyang'ana nkhope zatha, anthu azichotsedwa ndi masamu. Ine ndinakondwa, kupusa kwangako. Ndinali mkazi wamasiye wa ana awiri, ndipo nyumba ya esiteti ya pa layini inkayendera limodzi ndi ntchito. Ntchito ikatha, nyumbanso utuluke.

Anakhoma chipepala pa shedi yoyezera masamba, chojambulidwa mizati isanu, ina yaitali ina yaifupi. Kalaliki wa pa sikelo anali mlamu wanga, ndiye ndinawakokera pambali kuti andimasulire. Anati mzati uliwonse ndi gulu la othyola tiyi, a madengu opepuka kumanzere, a madengu olemera kumanja, ndipo mzati ukatalika ndiye kuti gululo ndi la anthu ambiri. Bwana ankafuna kuchotsa munthu mmodzi mwa anayi alionse, kuyambira kumanzere. Mzati woyamba unapita wonse, koma chiwerengero sichinakwane. Ndiye anaona kuti kwatsala angati, nkudula mzati wachiwiri ndi mzere wofiira kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Ine ndinali mu mzati wachiwiriwo, chifukwa mwezi woyezawo mwana wamng'ono anadwala chikuku.

"Nanga alamu, ine ndili mbali iti ya mzerewo?"

"Pepalali silidziwa, alamu. Pa sikelo timangolemba gulu, osati mapaundi enieni. Masamu amangoyesa kuti mwayalana bwinobwino m'menemo."

Kuyalana, ngati ndife mbatata za pa msika. M'gululo munali ife amene dengu linkangoperewera pang'ono kuti lilowe gulu lapamwamba, munalinso ena amene ankathyola uku akudya miseche tsiku lonse. Tonse anatiponya m'thumba limodzi.

Tsono poti mzere sutchula dzina, bwana anauza kapitawo wathu kuti asankhe yekha oti akwaniritse chiwerengerocho. Sabata imeneyo nkhuku zinayenda, zonse kulowera khomo limodzi, la kapitawoyo. Ine nkhuku ndinalibe, ndiponso chimene bambo ameneyo ankafuna kwa ine sichinali nkhuku. Anali atanditsekerezapo kale pa njira ya kumtsinje, ine nkumuuza kuti achite manyazi ndi imvi zake.

Loweruka anaitana maina, langa lili momwemo. Ndinapita kwa bwana, mwana kumsana, mtima ukuwira. Iye anangoloza chipepala chija nkunena kuti si iye, ndi masamu. Alamu ankamasulira maso ali pansi.

Ndinamanga mphasa ndi miphika kuti ndikapemphe pogona kwa achemwali ku Chimaliro. Podutsa pa shedi, kapitawo uja anandipatsa moni mwaulemu wonse, chipewa m'manja.

"Mvula ikadzagwa, mayi, mukadzafuna ntchito, njira ya kumtsinje mukuidziwa."